Pitcher wamkulu akayamba kuvutika, ilipo timu ingamutenge?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku America ndipo kuntchito kuno nkhani ndi baseball basi. Anzanga akukangana za pitcher (woponya mpira) wa timu yathu, wazaka 35, chaka chino matimu ena akumenya mipira yake koopsa. Ena akuti amugulitse pompano asanatheretu, ena akuti palibe angamufune ndi malipiro akewo. Akunena zoona ndani?
Wowerenga, Michigan

YANKHO: Achimwene, poyamba dziwani kuti ku MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, kawirikawiri sagulitsana osewera ndi ndalama ngati ku mpira wamiyendo, amasinthana, timu imapereka mkuluyo nkulandira anyamata amene akukulabe. Ndiye mtengo wake ndi anyamata amene timu inayo ingalolere kutaya.

Anzanuwo akuyang'ana ERA, ma run (zigoli) amene pitcher amapereka pa ma inning (zigawo za gemu) 9, ikakwera ndiye kuti zinthu sizikuyenda, koma ma scout, akatswiri ofufuza osewera, amayang'ana mkono. Liwiro la mpira wake lidakalipo? Akuwatulutsabe ma batter (omenya mpira) ndi strikeout, kutanthauza kuwaphonyetsa katatu? Poti muli ku Michigan afunseni za Justin Verlander, amene anali pitcher wa Detroit Tigers, timu ya konko. Mu 2017 ali ndi zaka 34 ERA yake inafika 4.73 pakati pa season, malipiro madola 28 miliyoni pachaka, anthu nkumati watha uyu, koma fastball yake (mpira woponya mwaliwiro) inali idakathamanga cha m'ma 95 mph. Houston Astros inamutenga pa 31 August kutatsala pang'ono kuti nthawi yotenga wosewera woti adzasewere ma playoff (magemu olimbirana chikho) itsekedwe pakati pausiku, Detroit Tigers inalandira Franklin Perez, Daz Cameron ndi Jake Rogers komanso inavomera kulipirako gawo la kontrakiti yake. Munthuyo atafika ku Houston anawina magemu onse 5 amene anayamba ndi ERA ya 1.06, kenako mphotho ya Cy Young, ya pitcher wopambana mu ligi, mu 2019 ndi 2022. Ine mpaka pano ndimaona kuti Detroit inaluza pamenepo.

Koma musatengeke, si onse a Verlander ayi. Madison Bumgarner, ngwazi ya San Francisco Giants mu World Series (fainolo ya MLB) ya 2014, anasaina zaka 5 ku Arizona Diamondbacks pa madola 85 miliyoni, liwiro linatsika kufika cha m'ma 90 mph, mu April 2023 ERA ili 10.26 timu inangomumasula osalandira aliyense ndipo ndalama zotsalazo inalipirabe.

Chinanso chimene anthu amaiwala, wosewera amene watha zaka 10 mu MLB ndipo 5 zomalizazo ali timu imodzi ali ndi ufulu wokana kusinthidwa, ndiye mwina mkanganowo ndi wa chabe ngati pitcher wanuyo ali ndi ufuluwu ndipo sakufuna kusamuka.

Ndiye onani liwiro la pitcher wanuyo ndi zaka zatsala pa kontrakiti. Ngati mkono ulipo ndipo timu yanu ingalole kulipirako, matimu ofuna ma playoff amusaka kumapeto kwa July. Ngati liwiro lapita, anzanu achiwiri aja ndi amene akulondola.