Kodi gogomole ndi mbalame yolondolera njuchi n'zapachibale?

Mmodzi mwa awerengi wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndinamva kuti gogomole, toucan ndi mbalame ija yolondolera anthu ku njuchi zili m'gulu limodzi. Zitheka bwanji poti milomo yake ndi yosiyana kutalitali?"

Zikomo pofunsa, ndipo zimene munamvazo n'zoona. Akatswiri amalitcha gululi Piciformes. Muli mitundu yoposa 400, ndipo pafupifupi theka lake ndi agogomole. Koma chibale chake musachifune pamlomo, pakuti mlomo umatsata chakudya. Yang'anani phazi. Mbalame zambiri zili ndi zala zitatu zoloza kutsogolo ndi chimodzi kumbuyo, pomwe za m'gululi, kupatula zochepa, zili ndi ziwiri kutsogolo, ziwiri kumbuyo. Chinanso, zimaswera m'mphako kapena m'mauna, mazira ake ndi oyera, ndipo ana a mitundu yambiri amabadwa opanda nthenga.

Mukadzaona gogomole pamtengo, mudzamuyang'anitsitse. Amakangamira khungwa ndi zala zija, mchira wake wolimba uli ngati mchirikizo, kenako go! go! go! Akapeza mboozi, amatulutsa lilime lalitali, limene mafupa ake amazungulira chigaza. Sikuti kugogoda konse n'kosaka chakudya ayi. Kugogoda kothamanga kuja, kumene kumafika maulendo 20 pa sekondi, ndi uthenga woitana mnzake kapena wochenjeza ena kuti dera lino lili ndi mwini. Agogomole ali pafupifupi dziko lonse, koma ku Australia ndi ku Madagascar kulibe.

Toucan wa m'nkhalango za ku Central ndi South America ali ndi chimlomo chachikulu koma chopepuka, chothyolera zipatso ndi kutulutsira kutentha kwa thupi.

Imene imandigwira mtima ine ndi yolondolera njuchi. Imadya phula, chinthu chimene mbalame zambiri sizingagaye, koma siingathe kuboola mtengo kapena kulimbana ndi njuchi. Ndiye imaitana munthu, n'kumauluka pang'onopang'ono kuchoka mtengo uwu kupita mtengo uwo mpaka pachisa cha njuchi. Munthu afukiza utsi, afula uchi, mbalame itsala ikudya phula. Kafukufuku wa Claire Spottiswoode ndi anzake, wofalitsidwa mu 2016, anachitika pakati pa Ayao ofula uchi ku Niassa, m'dziko la Mozambique. Anapeza kuti alenje akaitana ndi mawu awo akuti "brrr-hm", mwayi wolondoleredwa umakwera kuchoka pa 33 kufika pa 66 peresenti. Mbalame yakutchire, yosawetedwa, koma imamva kuitana kwa munthu!

Komabe mbalameyi ili ndi nkhanza zake. Simanga chisa. Imaikira dzira m'mphako za mbalame zina, kuphatikizapo agogomole ndi mbalame zotchedwa barbet, abale ake enieni a m'gulu lomweli. Kamwana kake kamabadwa ndi timbedza takuthwa kumlomo, n'kupha ana a mwini chisa maso asanatseguke, kuti chakudya chonse chizibwera kwa iko kokha.