Kodi miswachi yachilendoyi imayeretsadi mano?

FUNSO

A Mkonzi, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Kapata, muno mu Chipata. Alamu anga, amene amaoda katundu ku Lusaka, anabweretsera mwana wanga wa zaka 7 mswachi wopindika ngati chilembo cha U. Mwanayo amangouluma n'kudina batani, ndipo akuti mano onse amayera m'masekondi ochepa. Waukonda kwambiri moti wakale uja sakuufunanso. Komanso ndimasamalira apongozi anga amene anafa dzanja ndi mwendo chifukwa cha sitiroko, ndipo ndine amene ndimawatsuka m'kamwa. Ndamva kuti kuli mswachi wa mitu itatu, wina wa magetsi, ndi wina wakuda umene amati uli ndi makala. Kodi imeneyi imatsukadi bwino, kapena ndi kungotaya ndalama?

Mayi wa ku Kapata, Chipata

YANKHO

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Ndiyambe ndi mswachi wa mwanayo, popeza ndi umene wandidetsa nkhawa, ndipo pempho langa ndi lakuti musalole kuti ulowe m'malo mwa wakale uja.

Chimene timachotsa potsuka mano si nyenyeswa za chakudya zokha. Pa dzino lililonse pamayanga litsiro lotuwa ndi lonanda, lodzaza ndi mabakiteriya, limene mungalione mutakanda dzino ndi chikhadabo m'mawa. Limakonda kubisala pamene dzino lakumana ndi nkhama ndiponso m'mipata ya pakati pa mano. Mabakiteriyawo akapeza shuga wa mu tiyi, m'maswiti kapena m'zakumwa, amatulutsa asidi amene amabowola dzino, ndipo akakhalitsa m'mphepete mwa nkhama, nkhamazo zimatupa n'kumatuluka magazi, chomwe ndi chiyambi cha chiseyeye. Litsiro limeneli limamata kwambiri moti silichoka popanda kukwecha, monganso nkhoko za nsima sizichoka pongozunguza madzi mumphika. Choncho mswachi uliwonse, kaya ndi wooneka bwanji, uyenera kuweruzidwa ndi funso lakuti: kodi tiubweya take tikufika m'mphepete mwa nkhama, kunja ndi mkati momwe, mpaka ku dzino lomalizira?

Apa ndi pamene wopindika uja umalephera. Umapangidwa pa muyeso umodzi, pomwe kakhalidwe ka mano kamasiyana munthu ndi munthu, ndipo tinsonga take ta labala timakhala tonenepa ndi tofewa, moti timangosisita pamwamba. Mu 2020 akatswiri a mano a pa yunivesite ya Florence ku Italy anayesa mswachi wamtunduwu pa anthu 22, n'kuuyerekeza ndi katsukidwe kawo ka masiku onse, mswachi wa magetsi, komanso kusatsuka n'komwe. Anapeza kuti litsiro limene unkachotsa silinkasiyana kwenikweni ndi la munthu amene sanatsuke. Kampani ya Amabrush ya ku Austria, imene inatchukitsa miswachi yotereyi polonjeza kuti mano amayera m'masekondi 10, inagwa mu 2019.

Kwa mwana wa zaka 7 vutoli ndi lalikulu kuposa kwa wamkulu. Pa msinkhu umenewu mano a ubwana akugweduka ndipo ena akumera, choncho m'kamwa muli mipata ndi mano osiyana kutalika. Koposa apo, cha m'ma zaka 6 kumbuyo kwa mano onse a ubwana kumamera mano anayi akuluakulu otafunira, awiri m'mwamba ndi awiri m'munsi. Makolo ambiri amawayesa a ubwana chifukwa amatuluka popanda lina kuguluka, chonsecho ndi mano amene mwanayo adzakalambe nawo. Akamamera amakhala aafupi poyerekeza ndi anzawo, pamwamba pake pali timikwasa mmene chakudya chimakanirira, ndipo ndi amene amafulumira kubooka. Muuzeni mwanayo ayasamule pa kuwala kuti muwaone nokha. Ngati akukakamira mswachi wake watsopanowo, asewere nawo akamaliza kutsuka ndi wamba, ndipo usiku muzimutsuka ndinu kapena kuimirira pomwepo, chifukwa dzanja la mwana wa msinkhu umenewu silinakhwime mokwanira kufika m'makona onse.

Wa mitu itatu nkhani yake ndi ina, ndipo kwa apongozi anu ndikuuvomereza. Tiubweya take tinaikidwa mbali zitatu, moti ukaukhazika pa dzino umalikumbatira kunja, mkati ndi pamwamba nthawi imodzi. Kafukufuku wasonyeza kuti kwa munthu wodzitsuka yekha suposa wamba kwenikweni, koma umathandiza pamene wina akutsuka mnzake, chifukwa wodwala satha kuyasamula nthawi yaitali ndipo wotsukayo saona bwino mbali ya ku lilime. Chenjezo lake ndi lakuti mano a okalamba amaoneka aatali chifukwa nkhama zinabwerera, choncho muziupendeketsa pang'ono uku ndi uku kuti ufike m'munsi. Muziwakhazika tsonga, mutu utawerama pang'ono, ndipo mankhwala muziika ochepa, popeza odwala sitiroko ambiri amatsamwa msanga. Muziyang'ananso m'tsaya la mbali yakufayo, chifukwa nsima ndi ndiwo zimatsalira mmenemo iwo osamva. Mukapanda kuupeza m'masitolo a mankhwala, mswachi wofewa wa ana umagwira ntchitoyi bwino. Ngati dzanja linalo lili ndi mphamvu, kulungani kansalu kapena mphira pa chogwirira kuti chinenepe, kuti nthawi zina azidzitsuka okha. Zimenezi zimawabwezera ulemu wawo.

Wa magetsi weniweni, umene kamutu kake kamazungulira uku ndi uku kapena kunjenjemera inu mukuuyendetsa dzino ndi dzino, wafufuzidwa kwambiri. Mu 2014 bungwe la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 56, ndipo linapeza kuti poyerekeza ndi wamba, umachotsa litsiro lochulukirapo ndi 11 peresenti m'miyezi itatu yoyambirira, ndi 21 peresenti ukaugwiritsa ntchito kupitirira pamenepo. Phindu lilipodi, koma si lalikulu moti banja n'kudzimana ndiwo. Musanagule, funsani ngati timitu take tosinthira timapezeka muno mu Chipata, chifukwa timafunika kusintha miyezi itatu iliyonse, ndipo muganizirenso za kutchaja pamene magetsi akuzimazima.

Wakuda wa makala musavutike nawo, popeza palibe umboni wokwanira woti umaposa wina aliyense wofewa. Chimene ndikuletsa ndi kukwecha mano ndi makala osinja, phulusa kapena mchenga, chifukwa zimapala chikuto cholimba cha dzino, ndipo chikatha sichimeranso.

Aliyense m'banjamo musankhireni wake wa mutu waung'ono ndi tiubweya tofewa. Wolimba umavulaza nkhama osawonjezera ukhondo. Mankhwala otsukira akhale ndi fuloraidi, amene amalimbitsa mano kuti asabooke, ndipo pa chubu muwerenge nambala yosonyeza kuchuluka kwake, ikhale ya pakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm. Mwana wa zaka 7 amuikire ochepa ngati nsawawa imodzi. Tsukani kawiri pa tsiku kwa mphindi ziwiri, makamaka musanagone, mswachi utapendekera ku nkhama, ndipo mukamaliza lavulani osachukucha ndi madzi, kuti fuloraidi atsale pa mano. Tiubweya tikayamba kutambasukira m'mbali, mswachiwo watha ntchito ngakhale miyezi itatu isanakwane.

Mukaona zolimba zachikasu kapena zakuda kuseri kwa mano a m'munsi a apongozi, dziwani kuti limenelo ndi litsiro lomwe linauma, ndipo palibe mswachi umene ungalichotse. Limafuna zipangizo za achipatala cha mano, monga ku Chipata Central Hospital. Pitani nawonso ngati nkhama zikutulukabe magazi patatha milungu iwiri mukutsuka mosamala, ndipo tsiku limenelo mutenge ndi mwanayo kuti akamuone mano anayi akumbuyo aja.