Mwasamukanso ndi asilikali: ndani alipira zofufuza mbiri yanu musanayambe ntchito?

Funso: Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ku Malawi, ndinakwatiwa ndi msilikali wa dziko la America. M'zaka zisanu zapitazi takhala ku Texas ndi ku Colorado, ndipo pano atisamutsira chigawo china chakum'mawa. Ndapeza ntchito pamalo osamalira ana kunja kwa kampu, koma akuti sindingayambe asanafufuze mbiri yanga, ndipo ndalama za zidindo za zala ndi makalata ochokera komwe tinakhalako ndilipire ndekha. Zomwezi ndinapanga kale ku Colorado. Kodi akundikayikira poti ndine mlendo? Nanga asilikali sangandibwezere ndalamazi?

Yankho: Mayi, khazikani mtima pansi, palibe akukukayikirani. Chomwe akuchita ndi chomwe kumeneko amachitcha background check, ndipo pa ntchito ya ana lamulo ndi lokhwima kwa aliyense, mbadwa ngakhale mlendo. Lamulo la Child Care and Development Block Grant la 2014 limati wogwira ntchito pamalo ovomerezeka osamalira ana adindidwe zala kuti a FBI, apolisi ofufuza milandu a boma lalikulu la America, aone ngati ali ndi mlandu, ndiponso afufuzidwe m'chigawo chilichonse chomwe wakhalamo m'zaka zisanu zapitazo. M'chigawo chilichonse amayang'ana mabuku atatu: la milandu, la olakwira ena pa zachisembwere, ndi la ochitira ana nkhanza kapena kuwalekerera.

Apa ndipo pamene inu akazi a asilikali mumapwetekera. Mnzanu amene sanachokepo m'tauni yake amafufuzidwa malo amodzi basi. Inu mumasamutsidwa pafupifupi zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, ndiye zigawo zanu zakwana zitatu, chilichonse ndi fomu yake, mtengo wake ndi liwiro lake. Zotsatira za ku Colorado nazo sizikutsatirani, chifukwa chigawo chatsopano chimafuna kudzionera chokha. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa kusamukako simunasankhe inu. Kafukufuku wa unduna wa zachitetezo wa 2021 anapeza kuti mwa akazi ndi amuna a asilikali ofuna ntchito, 21 mwa 100 alionse anali asanaipeze, ndipo kuyambiranso chilichonse pa msamuko uliwonse ndi chimodzi mwa zochititsa.

Tsono za ndalama. Palibe lamulo limodzi la dziko lonse lonena kuti wolemba ntchito ndiye alipire. Zigawo zina, monga Minnesota, zimaletsa wolemba ntchito kulipiritsa wofunsira ntchito ndalama zofufuzira mbiri yake, kwina n'zololedwa. Makampani ambiri akuluakulu amalipira okha. Mavuto amakonda kukhala pa timalo ting'onoting'ono ta ana, ndi pa ntchito zofuna laisensi monga unamwino ndi uphunzitsi, komwe bungwe lopereka laisensi limati zala ukadinde ndi ndalama zako. Lamulo la 2014 lija limangonena kuti chigawo chisalipiritse kuposa zomwe chawononga pofufuzapo. Choncho musanatulutse dola, funsani abwana atsopanowo mafunso awiri, ndipo akuyankheni pa imelo: ndalamazi zikupita ku ofesi iti ya boma, ndipo adzakubwezerani mukagwira miyezi ingati? Ambiri safunsa poopa kuoneka ovuta, chonsecho malo osamalira ana akusowa antchito, ndipo mumakhala ndi mphamvu yokambirana kuposa momwe mukuganizira. Funsaninso ngati chigawo chanu chikulola kuyamba ntchito moyang'aniridwa ndi wina zotsatira za zala zikangotuluka, uku makalata a ku Texas ndi ku Colorado akudikiridwa. Lamulo limapatsa chigawo masiku osapitirira 45 kuti chimalize zonse, ndipo mwezi ndi theka wopanda malipiro ndi wodula kuposa mafomu onsewo.

Pali msampha wina womwe anthu ochenjera amagweramo pofuna kufulumiza zinthu. Munthu angathe kuitanitsa yekha mbiri yake ku FBI ndi madola 18, kuwonjezapo ya wokudinda zala. Koma pepala limenelo ndi loti mudzionere nokha zomwe zinalembedwa za inu. Pa ntchito ya ana kapena laisensi, zala zimayenera kudutsira ku ofesi ya chigawo ndi nambala yomwe iwo akupatseni. Mukadindiratu panokha, mudzadindanso ndi kulipiranso.

Za kubwezeredwa ndi asilikali, ndikuuzeni mosabisa. Thandizo lilipo, koma ndi la laisensi. Lamulo la bajeti ya zachitetezo la 2018 linalola kubweza mpaka madola 500 kwa banja lomwe lasamutsidwira chigawo china, ngati mkazi kapena mwamuna wa msilikali walipira kuti apeze laisensi kapena satifiketi ya ntchito yomwe ankagwira kale. La 2020 linakweza kufika madola 1,000 pa msamuko uliwonse. Wopempha ndalamazo ndi msilikaliyo, kudzera ku ofesi ya zachuma ya nthambi yake, atanyamula kalata yomusamutsa, laisensi yakale, yatsopano ndi malisiti. Ngati muli ndi satifiketi ya zosamalira ana yomwe chigawo chatsopano chikufuna kuti muikonzenso, bambo akunyumba atengere malisiti onse kumeneko, ndi la zala lomwe, ofesiyo ikasankhe zolowa. Koma ngati ndi kufufuza kwa wolemba ntchito chabe, popanda laisensi, musawerengere ndalama imeneyi. Kwa anamwino, aphunzitsi ndi ena a malaisensi amene akuwerenga: kuyambira Januwale 2023 lamulo la Servicemembers Civil Relief Act limati laisensi ya chigawo chakale ivomerezedwe kwatsopanoko mukasamuka ndi kalata ya usilikali, ngakhale bungwe lakwatsopanolo lingathe kukufufuzanibe.

Ndikanakhala inu ndikanaponyanso kalata ku Child Development Center, malo osamalira ana a asilikali a m'kampu mwanumo. Kumeneko amafufuza mozama kuposa kunja, amayang'ana ngakhale mabuku a makampu omwe munakhalamo, koma wolipira ndi boma. Ntchito zambiri za boma lalikulu zimafuna nzika, koma zina za m'kampu zomwe amazitcha NAF zimalemba ndi okhala ndi green card, ndiye werengani bwino chilengezo cha ntchitoyo. Alangizi a ntchito a pulogalamu ya SECO, omwe mumawapeza kudzera ku Military OneSource, tsamba la boma la pa intaneti lothandiza mabanja a asilikali, amathandiza akazi ndi amuna a asilikali kwaulere; muwauze chigawo chomwe muli, akuunikireni malamulo ake.

Poti ndinu wochokera kuno kwathu, samalani ndi maina. Satifiketi ya MSCE ili ndi dzina la kwa bambo anu, green card mwina ili ndi la amuna anu, pasipoti ili ndi dzina lapakati lomwe kwina simulemba. Fomu ikafunsa maina ena omwe munagwiritsapo ntchito, lembani onse, ndipo kalata yaukwati ikhale pafupi. Tsiku lobadwa ku America amayamba ndi mwezi: wobadwa pa 3 Julaye akalemba 03/07 monga timachitira kuno, iwo awerenga kuti 7 Malichi, basi zotsatira zachedwa milungu. Khalani ndi kope limodzi lolembamo adilesi iliyonse yomwe munakhalako, mwezi wolowa ndi wotuluka, ngakhale nyumba ya alendo ya m'kampu yomwe munagonamo podikira yanuyanu. Ngati zaka zomwe akufunsa zikufika nthawi yomwe munali kuno, angafune kalata ya polisi ya Malawi, ndipo imeneyo yambani kuilondola msanga.

Ufulu muli nawo. Pansi pa lamulo la Fair Credit Reporting Act, wolemba ntchito amene akugwiritsa ntchito kampani yofufuza ayenera kuyamba wapeza chilolezo chanu cholembedwa. Akafuna kukukanani chifukwa cha zomwe zatuluka, ayambe wakupatsani lipotilo kuti mulione. Zimachitika kuti mlandu wa munthu wina wofanana nanu dzina walembedwa pa inu. Mukadandaula, kampaniyo imayenera kufufuzanso, kawirikawiri m'masiku 30.

Chenjeraninso ndi akamberembere a pa Facebook ndi WhatsApp olonjeza akazi a asilikali ntchito yogwirira pakhomo. Amati mwalembedwa musanayankhulane n'komwe, kenaka mutumize ya background check pa gift card kapena pafoni, pamodzi ndi nambala yanu ya Social Security, yomwe boma la America limakudziwirani. Ndalama yeniyeni imalipiridwa ku ofesi ya chigawo kapena kwa odinda zala omwe chigawocho chinawavomereza, ndipo amapereka lisiti lokhala ndi dzina lanu. Lanulo mukalandira, lijambuleni pafoni tsiku lomwelo, chifukwa inki ya timalisiti tija imafufutika msamuko wina usanakwane.