Chenjezo la madzi osefukira: timvere la ndani?

Bambo wina wophunzitsa kupulayimale ku Nsanje wanditumizira imelo. Akuti dzinja likafika, pa wailesi amamva china, pa WhatsApp pamabwera china, a komiti ya m'mudzi nawo n'kunena chawo. Akufunsa ngati palibe njira yoti onse ochenjeza azilankhula chimodzi, kuti iwo adziwe nthawi yowerutsa ana mitsinje isanadzaze.

Aphunzitsi, njirayo ilipo. Imatchedwa Common Alerting Protocol, mwachidule CAP. Bungwe la OASIS, lokonza njira zofanana zotumizirana mauthenga pa makompyuta, linaikhazikitsa mu 2004, ndipo la ITU, loona za matelefoni pansi pa United Nations, linaivomereza mu 2007. Ili ngati fomu imodzi yomwe wochenjeza aliyense amadzaza: watumiza ndani, kukubwera chiyani, chifika liti, n'choopsa motani, akatswiri akutsimikiza mpaka pati, anthu achite chiyani, ndipo chenjezolo litha nthawi yanji. Ikadzazidwa kamodzi, uthenga womwewo umapita ku wailesi, m'mafoni ndi pa intaneti osasintha.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mapu. Mukamva kuti "chigawo chakummwera kugwa mvula yamphamvu", inu a ku Nsanje mwauzidwa chiyani? Mwina kwanu kukuwala dzuwa, pomwe mvula ikukhuthuka paphiri la Mulanje. Madziwo atsika ndi Ruo, akakumana ndi Shire pa Chiromo, n'kukupezani usiku muli mtulo. Mu CAP wochenjeza amajambula pa mapu dera lenileni lomwe lili pangozi. Ndiye a zanyengo akajambula komwe kugwe mvula, oyeza mitsinje n'kujambula komwe madzi adutse, a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, n'kuika malo othawirako, zonsezo zimatha kusanjikizana pa mapu amodzi, chifukwa zalembedwa mofanana. Ruo ndi malire athu ndi Mozambique, ndipo akasefukira amamiza minda tsidya lino ndi tsidya ilo. N'chifukwa chake ndimalakalaka chenjezo la anzathu a kumeneko lizioneka pa mapu omwewo.

Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, akatswiri anamulondola kwa milungu ingapo ali panyanja, mpaka analowera kumtunda kufupi ndi mzinda wa Quelimane ku Mozambique. Koma munthu akamva "namondwe" amaganiza za mphepo yosasula madenga. Ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, kunatsika matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche. Wokhala m'tsinde mwa phiri ndi wokhala m'mbali mwa Shire sangauzidwe mawu amodzi: wina achoke pansi pa phiri, wina akwere kumtunda. Mtima umandiwawabe ndikakumbuka masiku amenewo.

Komabe fomu ndi mapu sizifika zokha kwa agogo opanda foni. Pamafunika mnyamata wa chimkuzamawu panjinga, mfumu, ndi inuyo aphunzitsi. Ubwino wake, CAP imalola uthenga umodzi kulembedwa m'zinenero zingapo, choncho palibe chifukwa choti kwanuko usamamveke m'Chisena.

Pakadali pano, uthenga ukafika pafoni yanu, onani ngati watchula nthambi yomwe yautulutsa, tsiku, ndi maboma kapena mitsinje yokhudzidwa. Mauthenga a mawu ambiri a pa WhatsApp alibe tsiku, ndipo a chaka chatha amatha kubweranso ngati atsopano. Oterowo musawatumize kwa makolo musanamve wailesi kapena kufunsa a komiti yoona za ngozi m'dera lanu. Koma mukaona nokha kuti mtsinje wasanduka wofiira ndipo ukukwera, werutsani ana osadikira uthenga.