Munthu wa Mulungu naye ali ndi amayi ake

Mnyamata wina wandilembera kuti anadzipereka pa ntchito ya mapemphero m'tauni. Amayi ake akudwala mwakayakaya kumudzi, koma anzake akumuuza kuti wosiya zadziko sacheuka m'mbuyo. Akufunsa ngati apite.

Mdzukulu wanga, anzakowo akukusocheretsa. Tamva za Adi Shankara, mphunzitsi wamkulu wa Ahindu, wobadwira ku Kaladi m'chigawo cha Kerala ku India zaka zoposa 1,200 zapitazo. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, amayi ake a Aryamba n'kutsala ndi mwana mmodzi yekhayo. Atafika zaka 8 anafuna kukhala sannyasi, munthu wosiya banja ndi chuma chifukwa cha chipembedzo, koma amayi anakanitsitsa. Ahindu amasimba kuti anavomera tsiku limene ng'ona inamugwira mwendo akusamba mumtsinje wa Purna, iye akuwadandaulira kuti amulole afe ali sannyasi. Ng'ona ija inamutaya. Ponyamuka anawalonjeza kuti akadzamva kuti akutsirizika adzabwera.

Anakaphunzira kwa mphunzitsi wina dzina lake Govinda m'mbali mwa mtsinje wa Narmada, nayendayenda m'dziko la India akuphunzitsa Advaita: kuti mzimu wa munthu ndi Brahman, gwero la zonse, n'chinthu chimodzi, ndipo zooneka ndi masozi si zenizeni.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna utchere khutu. Pa mwambo wawo sannyasi amawerengedwa ngati wakufa kale kwa abale ake, ndipo sayendetsa mwambo wa maliro a makolo. Komabe amati atadziwa kuti amayi ali kayakaya anabwerera ku Kaladi, n'kukhala pambali pawo mpaka anatsirizika. Achibale anakana kumuthandiza, ati akuswa mwambo. Iye ananyamula yekha thupi la amayi ake kupita nalo kuseri kwa nyumba, n'kuliwotcha monga amachitira kwawo. Munthu wophunzitsa kuti dziko lino si lenileni, koma lonjezo la kwa amayi analitenga kuti n'lenileni ndithu! Ine si Mhindu, koma pamenepa ndimamuvulira chipewa.

Iwe palibe mwambo ukukuletsa, ndi pakamwa pa anzako chabe. Ukawauze abusa ako mwaulemu kuti wachokapo, ukwere basi ya mawa m'mamawa. Ugulireko shuga ndi sopo, ndipo ukafika uwafunse achemwali ako amene akhala akudwazika kuti atopa pati, uwalandire.