Achemwali, za Chifalansa cha mwana wathuyu

Achemwali, mwaswera bwanji ku Ulongwe uko? Uthenga wanu ndaumva, koma kulemba kundichedwetsa, ndingolankhula. Mwati mtsikana wathu wamaliza kalasi 12 ndipo akufuna kukachita Chifalansa ndi Chipwitikizi ku yunivesite, ndiye mukufunsa ngati ndalama ya kachewere imene muthire pamenepo idzabwerere. Alamu nawo akuti bola za migodi. Ndine malume ake, sindikubisirani.

Zinenero zimenezi, Chipwitikizi, Chifalansa, Chisipanishi, Chitaliyana, ndi ana a mimba imodzi, mayi wake ndi Chilatini. Ndiye mwana wathu, poti Chipwitikizi anayamba nacho kalasi yoyamba, Chifalansa sichimuvuta ngati mmene chingamuvutire mnzake wa ku Dedza. Pamenepo ali ndi mwayi ndithu. Koma pa msika mitengo yake ndi yosiyana, mwamva?

Chipwitikizi kuno aliyense amene anapondako kusukulu ali nacho. Pepala la Chipwitikizi chokha limakulowetsa khomo limodzi basi, uphunzitsi. Sindikunyoza ayi. Wa licenciatura, digiri yoyamba ija, akalembedwa ndi boma amakhala docente N1, giredi ya aphunzitsi a digiri, malipiro ake ali pa TSU, ndondomeko ya malipiro a boma ija inayamba mu 2022, mwezi ukatha kanthu kamagwa, ukalamba penshoni ilipo. Vuto ndi kulowako. Umadikira concurso, mpikisano wolembera anthu ntchito za boma, malo ochepa, anthu mulu, ndipo ukapambana angakuponye ku Zumbo kapena ku Chifunde. Sulemera nazo, komanso sugona ndi njala.

Chifalansa ndiye chosowa, n'chifukwa chake anawa amachiona ngati golide. Amamva za TotalEnergies ku Afungi uko ku Cabo Delgado, ntchito ya gasi ya madola pafupifupi 20 biliyoni, basi mtima dyokodyoko. Koma kumbukirani kuti mu 2021, zigawenga zitalowa mu Palma, kampaniyo inaimitsa ntchito, ndipo amene ankawerengera kumeneko anangogwira njakata. Chinanso, makampani oterewa salemba munthu chifukwa choti amatha kupereka moni m'Chifalansa. Amafuna injiniya, wowerengera ndalama, loya, ndipo misonkhano yawo yambiri imayenda m'Chingerezi. Tisapite kutali, taonani pa mgodi wa malasha wa Moatize pompa. Nthawi ya kampani ya Vale, eni ake a ku Brazil, Chipwitikizi chinkakwanira. Mu 2022 mgodi unagulidwa ndi Vulcan ya amwenye, lero wodziwa Chingerezi ndi amene akuyenda chodzitama. Mwini akasintha, chinenero cha ndalama chimasinthanso.

Nanga ndalama ya Chifalansa ili pati? Ndinaiona ndi maso anga ku malire a Cassacatiza. Dalaivala wa thiraki yopita ku Lubumbashi, Mkongo, waima ndi mapepala a katundu m'manja, Chipwitikizi alibe, Chingerezi cha apo ndi apo, thukuta kamukamu. Panabwera mnyamata wina wa mu ofesi ya despachante, okonza mapepala a katundu pa malire aja, anamulankhula m'Chifalansa, n'kumusonyeza mzere umene kulemera kwa katundu kunalembedwa molakwika. Nkhani inathera pompo, ndipo madalaivala a ku Congo tsopano amachita kumufunsa dzina mnyamatayo. Koma taonani, chimene ankalipidwa ndi kudziwa malamulo a kasitomu. Chifalansa chinangomuika patsogolo pa anzake.

Kumasulira makalata kulinso ndi ndalama, koma zing'onozing'ono zija anthu angozithira mu Google Translate pa foni, osalipira munthu. Zotsala ndi zofuna chidindo, monga satifiketi yobadwira, mapepala a sukulu, makontirakiti, zimene amasainira tradutor ajuramentado, womasulira wolumbiritsidwa mwalamulo. Otanthauzira pa misonkhano ya SADC ku Gaborone kapena ya African Union ku Addis Ababa, kumene Chipwitikizi, Chifalansa ndi Chingerezi zimayendera limodzi, amalandira bwino zedi. Koma ndi anthu owerengeka, ndipo anafika pamenepo atakhetsa thukuta zaka zambiri digiri itatha kale.

Tsopano ku thumba lanu. Licenciatura ndi zaka zinayi. Ku yunivesite ya boma propina, ndiye kuti fizi, si imene imapha munthu. Chimapha ndi lendi ya kachipinda, chapa, minibasi ija, m'mawa ndi madzulo, chakudya, mafotokope, megas a intaneti. Akapita ku Eduardo Mondlane ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500, ngakhale maliro atagwa kumudzi simungamuitane msanga. Ndiye muwerenge zaka zinayi za kachewere, muonjezepo chaka china kapena ziwiri zomudyetsa akusaka ntchito. Ayambe waona edital, chidziwitso cha makosi ndi malo, cha UniPúnguè, yunivesite ija inatuluka mu Universidade Pedagógica mu 2019, ili ndi nthambi muno mu Tete. Akapezamo zimene akufuna, adzagona kwanga kuno, lendi yapulumuka.

Alamu, za migodi zija ndakumvani, ISPT, sukulu ya ukachenjede yophunzitsa za migodi, ili pompano ndipo amene amaliza bwino amadya bwino. Koma mwana uyu masamu amamudwalitsa mutu chiyambire. Kumukankhira kumeneko mudzalipira chaka choyamba kawiri, kenako adzabwerera kunyumba chimanjamanja. Imeneyo ndiye ndalama yotaya yeniyeni.

Ine maganizo anga ndi awa: mulekeni achite Chifalansa, koma tipangane naye. Chingerezi asachisiye, achikoke mpaka chifike polemba lipoti, poti Malawi, Zambia ndi Zimbabwe atizungulira. Asanamalize alembe mayeso a Chifalansa a DELF, afike mlingo wa B2, chifukwa pepala limenelo limachokera ku boma la France ndipo mabwana akunja amalikhulupirira msanga. Patchuthi asamangokhala pa Facebook, achite kakosi ka zowerengera ndalama kapena ka za kasitomu, ngakhale kukathandiza mu ofesi ya despachante ku Calómuè, pafupi ndi kwanu komweko. Akakana zimenezi, akangoti iye amakonda ndakatulo za Chifalansa basi, pamenepo tikhale pansi tikambirane kaye, ndalama isanatuluke.

Mundijambulire pauta yake ya kalasi 12, pepala la zotsatira za mayeso lija, munditumizire pano, ndione Chifalansa ndi Chingerezi anapeza zingati. Ndipo mumuuze andiimbire yekha Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, ndimufunse mafunso angapo m'Chifalansa changa chothyokathyokachi. Moni kwa amayi, mankhwala a miyendo aja ndagula, nditumiza ndi wa chapa Lachisanu.