Disiki ndi yatsopano koma kompyuta ikumahang'abe

Funso: Akulu, ndili ndi kashopu kopanga print ndi kuika nyimbo m'mafoni. Desktop yanga yayamba misala, ndikamakopa mafayilo akuluakulu imangoima zii, nthawi zina disiki yachiwiri imasowa mpaka nditazimitsa n'kuyatsanso. Wokonza wina anati disiki yafa, ndinagula ina, sipanathe masabata awiri zayambiranso, pano akuti ndi motherboard. Ndigule kodi? Wanu wa ku Chinsapo, Lilongwe.

Yankho: Achimwene, ndalamayo ibwezeni kaye m'thumba. N'zovuta kuti disiki ziwiri zidwale matenda ofanana pa kompyuta imodzi motsatizana chonchi, ine ndikukayikira kachingwe kaja kopyapyala, kawirikawiri kofiira, kochoka pa disiki kupita pa motherboard, ka SATA. Ndikhulupirira posintha disiki wokonzayo anangobwezera kakale komweko, ambiri amatero.

Kachingweka kali ndi mapini 7 okha koma pa SATA III kamanyamula data pa liwiro la 6 Gb/s, ndiye kakapindidwa kwambiri, kapena mutu wake ukamagwedera pa port, kapena ndi kaja kotchipa kopanda dzina, data imafika yolakwika, controller (kachipangizo ka pa motherboard kolankhula ndi disiki) n'kuuza disiki kuti tumizanso, tumizanso, apo ndi pomwe kompyuta yanu imaima zii, ikatopa controller imangoitaya disikiyo basi.

Musangondikhulupirira, onani nokha. Ikani CrystalDiskInfo, pulogalamu yoonetsa thanzi la disiki, ndi yaulere, muyang'ane mzere wa C7, UltraDMA CRC Error Count. Nambala imeneyi imawerenga zolakwika za panjira, pakati pa disiki ndi motherboard, osati mkati mwa disiki ayi. Lembani papepala raw value yake, nambala ya kumapeto kwa mzerewo, kopani filimu yaikulu, muonenso. Ikakwera, wakuba wagwidwa. Koma mukaona mizere ya 05 kapena C5, yowerenga malo owonongeka mkati mwa disiki, ndi yomwe ikukwera, pamenepo ndiye disiki yeniyeniyo ikudwala, thamangani mukope data yanu kwina. Mu Event Viewer ya Windows, momwe kompyuta imalemba mavuto omwe yakumana nawo, mukhozanso kupeza Event 11 yonena za controller error kapena 129 yonena za reset, mawu akuti controller amenewa ndi amene amapusitsa anthu n'kukagula motherboard zosafunika.

Gulani chingwe china cha SATA chokhala ndi kachitsulo kotsekera kumutu, muzimve kuti thapu polowetsa. Chachifupi ndi bwino, malire a SATA ndi mita imodzi, ndipo musachipinde ngati mukumanga mtolo wa nkhuni. Zimitsani kompyuta, zulani kumagetsi musanagwire mkati, pemererani fumbi pa port, shopu za m'mbali mwa msewu fumbi lake timalidziwa. Zikapitirira sinthani port, motherboard imakhala ndi angapo. Onaninso chingwe chamagetsi chopita ku disiki, makamaka ngati mukugwiritsa tima adapter tija ta Molex to SATA totengera magetsi pa pulagi yakale ya mapini 4, tina totchipa timachita kupsa.

Chinthu china, nambala ya C7 ija sibwerera pa zero ngakhale mutasintha chingwe, imakhala pomwepo mpaka kalekale, chofunika n'choti isakwerenso. Ndipo disiki yakale ija ngati simunaitaye kapena kumusiyira wokonza uja, kaitengeni muiyese ndi chingwe chatsopanocho, mwina ndi yabwinobwino.